Ukula Nayo

Mayi wa kuno kwathu akagwira singano sasokera mwana amene waima patsogolo pakeyo. Amasokera mwana wina, wamtali ndi wamapewa, amene adzafike zaka zinayi zikubwerazo. Amene alipo leroyu ntchito yake ndi kumusungira mnzakeyo chovala. Tepi yoyezera imapezeka m'nyumba zina, koma imangokolekedwa m'khosi kuti odutsa adziwe kuti pano pali luso. Muyeso weniweni ndi chikhatho. Amayi ayeza chiuno cha mwana, zikhatho zitatu. Awonjezera chimodzi cha kukula, china choti nsalu imabwerera ikachapidwa, ndi china cha mng'ono wake amene sanabadwe n'komwe. Ukadandaula, yankho ndi limodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa: "Ukula nayo."

Pa sukulu ina ya pulayimale kamnyamata ka Sitandade 1 kanafika tsiku lotsegulira kakusesa fumbi ndi kabudula wa khaki. Aphunzitsi aakulu anakaimitsa pa mzere.

"Iwe, wakuuza ndani kuti pano timavala thalauza?"

"Si thalauza, aphunzitsi. Ndi kabudula wa Sitandade 5, ndangofulumira naye."

Anafikadi naye Sitandade 5. Anamukwana bwinobwino Lolemba. Lachitatu akuwerama kutola pensulo, kumbuyo kunangomveka kwee! Zaka zinayi zokhala pa simenti ndi kutsetsereka pa chulu zinali zitadya nsalu yonse. Amayi ake anamutembenuza kabudulayo uku ndi uku, n'kupukusa mutu. "Ana a masiku ano kusasamala. Kabudula wa dzana lomweli!"

* * *

M'chaka cha 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni n'kupitirira 3 miliyoni. Makalasi anachepa, aphunzitsi anachepa, mitengo ya mango inakwezedwa pa udindo n'kukhala zipinda zophunziriramo. Chimene sichinachepe ndi zikwama, chifukwa amayi anali ndi matumba a feteleza. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limatulutsa zikwama ziwiri, chingwe chokolekera n'kutsalako. Amalichapa kaye kuti lisaume gwa, amalidula ndi mpeni wotenthetsa pamoto kuti m'mphepete musayoyoke, ndipo ulusi wosokera amausolola pa thumba lomwelo. Palibe ndi tambala yomwe yotuluka. Ana ambiri a nthawi imeneyo anadziwa kuwerenga mawu oti Urea asanadziwe kulemba dzina lawo.

Mayi wina ku Kasungu anachita zinthu mwa ndondomeko. Mwana wa Sitandade 1 anamusokera chikwama cha thumba la feteleza wokulitsa, uja wa 23:21:0+4S. Wa Sitandade 8 anamusokera cha wobereketsa, ati kuti mayeso abereke. Zotsatira zitatuluka, dzina la mnyamatayo silinaoneke. Bambo ake, mlimi weniweni, sanakalipe. Anangoyang'ana chikwamacho pamsomali n'kunena kuti, "Amake mwana, mwathira mochedwa."

* * *

Kuchokera pa chisankho cha zipani zambiri cha 1994, chaka chilichonse cha chisankho chimasiya nsalu m'midzi. Andale amaganiza kuti akugawa kampeni. Amayi amadziwa kuti akulandira mamita awiri a nsalu yaulere. Alipo makomo amene mungathe kudziwa chaka chobadwa cha mwana poona matewera ake pachingwe: uyu ndi wa 2004, uyo wa 2014, kamng'onoko ndi ka chisankho chobwereza cha 2020.

Bambo wina, sapota wotentha wa chipani chake, anabwera kuchokera ku bawo n'kupeza mwana wake wavala kabudula wa nsalu ya chipani chimene iye sankafuna ngakhale kuchitchula.

"Mayi, nsalu imeneyi m'nyumba mwanga muno?"

"Musathamangire kupsa mtima, bambo. Iwe, tatembenuka abambo ako aone."

Mwana anatembenuka. Nkhope ya mtsogoleriyo inali itakhala ndendende pamatako, diso limodzi uku, lina uku, kumwetulira kutagawika pakati ndi msoko. Bamboyo anayang'ana kwa kanthawi, anakoka mpando wake, nati, "Khala pansi, mwana wanga. Khala ndithu. Usadzuke mpaka nsima ipse."

* * *

Nsalu ya Khirisimasi imagulidwa yathunthu, mayadi 6, ndipo siitaya kachidutswa. Kale inali ya David Whitehead ya ku Blantyre, fakitale ija inagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003, pano zambiri zimachokera ku Tanzania, ku Zambia ndi ku China, koma kagawidwe kake sikanasinthe. Diresi la amayi, malaya a bambo, madiresi a atsikana awiri, kabudula wa mnyamata. Zotsala ndi katani ya pawindo, chovundikira wailesi ndi pilo wa pampando. Banja likamapita ku tchalitchi m'mawa wa pa 25 Disembala, munthu amatha kuganiza kuti pabalaza panyamuka.

Anthu amaseka, koma ine ndimati nzeru imeneyi ili ndi phindu lake. Mu msika wa Limbe kamtsikana kanasochera m'chipwirikiti cha Khirisimasi. Amayi ake asanayambe n'kulira komwe, mayi wogulitsa tomato anabwera atakagwira pa dzanja. "Asisi, uyu ndi wanu. Maluwa akugwirizana." Sanafunse dzina, sanafunse mudzi.

Kuipa kwake kunaonekera kunyumba madzulo omwewo. Kamtsikanako katatopa kanadzipinda pampando n'kugona. Azakhali ake onenepa anafika, anapereka moni, anasuzumira pampando, anaona mapilo awiri ofanana. Anasankha wooneka wofewa.

* * *

Wina adzafunsa kuti bwanji osangopita kwa telala. Ameneyo sanaimepo pakhonde la sitolo kumva mawu oti "bwerani mawa" kuchokera kwa munthu amene nsalu yako waikhalira pampando. Mayi wina anapereka nsalu yoti asokere mwana wake diresi la ubatizo. Telala anatulutsa tepi kuti ayeze khandalo. Mayiyo anamuletsa, n'kukoka mwana wa neba wa zaka zitatu amene anamuperekeza.

"Muyeze uyu."

"Koma mwati diresi ndi la wakhandayu?"

"Eya. Ndimakudziwani, achimwene. Muyeze uyu."

Akuti ndi diresi lokhalo m'mbiri ya banja limenelo limene linakwana mwini wake tsiku lolandira.

* * *

Nyumba imene ili ndi makina osokera ili ndi mfumu yachiwiri. Akhale a Singer, dzina la Isaac Singer amene analembetsa makina ake ku America mu 1851, kapena a Butterfly a ku Shanghai amene anadzaza m'matauni mwathu, makinawo amakhala pakona atavala nsalu yawoyawo yopeta, ndipo amadzozedwa mafuta kawirikawiri kuposa ana. Vuto ndi loti amene anapanga makina opalasa ndi mapazi sanaganizire mwana wa zaka zisanu. Pansi pake pali gudumu lalikulu loyenera chiwongolero, pali chopondera choyenera moto, pali malo okwana dalaivala mmodzi ndi kondakitala wopachikika pakhomo. Amayi akangotuluka kupita ku chigayo, minibasi yanyamuka.

Tsiku lina amayi anabwerera msanga n'kupeza lamba wa makina waduka, ana atatu ali chete pansi pake.

"Wadula lamba ndani?"

Wamkulu analoza wamng'ono. Wamng'ono anayankha mwaulemu wonse: "Yatifera pa Kameza, amayi. Tikudikira makaniko."

Makaniko anabweradi, atanyamula mthiko.

Za sizasi sindinena zambiri. Aliyense amene anakulira m'nyumba yosoka amadziwa kuti kuba nyama mumphika ndi mlandu wokambirana, koma kudula pepala ndi sizasi ya nsalu ndi mlandu wopita nawo kwa ankhoswe, makamaka wodulayo akakhala bambo ndipo chodulidwacho ndi waya wa wailesi.

Mabatani amakhala m'kachitini ka polishi, ndipo mwana wokwawa amakadziwa pamene kali. Kamnyamata kena kanakankhira batani m'mphuno. Kuchipatala adokotala analimbana nalo ndi kachitsulo kopanira, mwana akukuwa, amayi atamupana miyendo. Batani litatuluka, adokotala anatembenuka kuti aliponye m'bini.

"Dikirani adokotala! Ndi loyera la maboo anayi?"

"Eya, mayi."

"Ndipatseni. Ndi la malaya a bambo ake. Ndalifuna sabata yonse."

* * *

Juni akamayandikira, amayi a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mzimba amatulutsa zolukira. Ulusi wa juzi wa m'sitolo ndi wodula, ndiye amapita pa kaunjika, asankha juzi yaikulu ya mzungu wina wonenepa, afika nayo kunyumba n'kuimasula yonse. Mwana amaimitsidwa atatambasula manja awiri kuti akulungirepo ulusi, ndipo saloledwa kukanda ngakhale ntchentche itatera pamphuno. Juzi imodzi ya mzungu imabala majuzi awiri a ana, chipewa ndi masokosi a khanda.

Thupi la juzi amaliluka lalikulu monga mwa mwambo. Khosi ndiye limawavuta. Mayi wina anamaliza juzi usiku, m'mawa n'kuitana mwana kuti ayese, apongozi ake aakazi ali pamkeka pomwepo. Manja analowa, mutu unakanirira. Anakoka, mwana akulira m'kati mwa juzi, mpaka mutu unatuluka pang'onopang'ono ngati mwana wa mbuzi akubadwa, makutu atapindika.

"Juziyi ilibe vuto," anatero mayiyo akupukuta thukuta. "Vuto ndi mutu wa kwa abambo akowu."

Apongozi sanadzutse nkhope pa mtedza umene ankasenda. "Mutu umenewo kwathu timasungiramo nzeru, mwana wanga. Mwina n'chifukwa chake kwanu makosi a juzi amakhala aang'ono."

Mkono umodzi wa juziyo unatalika kuposa unzake. Mwana atadandaula anauzidwa kuti wautaliwo ndi wokwezera dzanja m'kalasi.

Koma juzi yoluka pamanja ili ndi khalidwe limodzi limene ya m'sitolo ilibe: imachitira umboni. Mnyamata wina anafika kunyumba madzulo, juzi itatsala yofika m'khwapa, ulusi ukukhwekhwereka kumbuyo. Analumbira kuti amachokera ku sukulu. Amayi ake sanatsutse. Anatola nsonga ya ulusi n'kuyamba kukulunga akuyenda. Ulusi unadutsa pa mjigo, unakhota pa chigayo, sukulu unaisiya kumanzere, n'kukathera pa msomali wa benchi m'kanyumba koonetsa mafilimu a karate. Anabwerako ndi mpira wa ulusi m'dzanja lina, khutu la mnyamatayo m'dzanja linalo.

* * *

Chidole choyamba cha mtsikana wa kumudzi ndi chitsononkho chokulungidwa m'kansalu, chobereka kumbuyo ndi mpango wakutha. Chachiwiri, amayi akakhala ndi nthawi, ndi chosoka ndi zigamba, maso a mabatani osafanana, tsitsi la ulusi wakuda. M'mimba mwake mumalowa chilichonse chimene chili pafupi: thonje, utuchi, nsanza. Mayi wina anasowa zonsezi n'kuthiramo nyemba. Chidole chinalemera bwino, mwana anachikonda, koma anachiiwala panja mvula ya Disembala. Patapita masiku anabwera akulira.

"Amayi, mwana wanga wamera!"

Zoonadi, m'khwapa ndi m'khosi munali mutatuluka timasamba tiwiritiwiri. Amayi anati achitaye. Bambo anakana. "Chikhazikeni kudimba mutu uli m'mwamba. Mbewu yadula chaka chino."

Anyamata chawo ndi mpira wachikulunga, majumbo okulungakulunga omangidwa ndi chingwe. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu 2019, koma palibe amene anakafunsa maganizo a timu za m'makwalala, zimene zinkatolera majumbo m'ngalande kalekale nkhani yosamala chilengedwe isanafike pa wailesi. Mayi wina anamvera chisoni mwana wake n'kumusokera mpira weniweni wa zidutswa za chitenje, zigawo zofanana, msoko wobisika. Unakongola kwambiri moti mwana atautenga kupita nawo pabwalo, amayi anathamangira pakhomo.

"Ukupita nawo kuti? Ukaudetse? Bweretsa kuno!"

Mpaka lero uli m'kabati ya magalasi, pakati pa makapu a alendo.

Galimoto ya mawaya amayi sapanga nawo, koma amaperekapo msonkho. Waya ndi uja woyanikapo zovala. Matayala ndi zidendene za patapata wawo watsopano, zodulidwa mozungulira bwino ndi sizasi ija.

* * *

Ku pulayimale masiku ano kuli phunziro la Expressive Arts, ndipo mphunzitsi akanena kuti aliyense abwere ndi kansalu kopeta Lachisanu, aliyense amadziwa amene agone mochedwa Lachinayi. Mtsikana wina anabwera ndi kansalu kake kunyumba atapatsidwa 4 pa 10. M'mawa mwake amayi ake anali pakhomo la kalasi, chitenje chili m'chiuno.

"Madamu, 4 ameneyu mwapatsa ndani?"

"Mwana wanu, mayi. Msoko wake ndi wokhota."

"Wokhota? Ine ndinaphunzira Needlecraft nthawi ya Kamuzu, inu musanabadwe. Mwanayu sanagwireko n'komwe!"

Kalasi yonse inangoti zii. Madamu anatenga cholembera chofiira, anafufuta 4 uja, n'kulemba 0 kwa mwana, 4 kwa mayi.

Amayi a m'badwo umenewo musawaderere. Anadutsa m'manja mwa alangizi a zapakhomo, m'magulu a Mvano, Chigwirizano ndi Dorika, ena m'bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi lija linayamba mu 1985. Anaphunzira kupinda nsalu nthawi imene lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo. Lamulolo linathetsedwa mu 1993, koma m'zala mwawo likadalimo. Agogo ena analandira mdzukulu wa zaka zinayi kuchokera ku Lilongwe atavala kadiresi kolekeza pamwamba pa mawondo. Pofika m'mawa kadiresiko kanali katalumikizidwa ndi nsalu ya mtundu wina mpaka m'akakolo. Mwana wawo anadandaula: "Amayi, lamulo limenelo linatha kalekale."

"Linathera ku Zomba komweko. Muno silinafike."

* * *

Mliri wa Covid-19 utafika mu Epulo 2020, makina amene anachita dzimbiri chifukwa cha kaunjika anadzukanso. Mu Ogasiti boma linalamula kuti aliyense azivala masiki pagulu, wolephera chindapusa cha K10,000, ndipo palibe mayi amene akanalola ndalama imeneyo kutuluka pamene zidutswa za chitenje zili m'thumba. Masukulu atatsegulidwanso, kamtsikana kena kanalowa m'kalasi kakupapasa khoma, masiki itaphimba kuyambira pachibwano mpaka pamphumi.

"Iwe, ukuona?"

"Ayi, madamu. Amayi akuti sakudziwa kuti matendawa atha liti."

Nsalu inalipo yambiri, chimene chinasowa ndi lasitiki. M'nyumba ina ana onse asanu anapita ku sukulu ndi masiki zokoka bwino m'makutu. Bambo awo anapita ku ntchito akuyenda pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili m'thumba la thalauza, likugwira chinthu chimene sakanatha kufotokozera abwana.

* * *

Chigamba chimasokedwa usiku, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene kabudula amakhala wopanda munthu m'kati. Ndiye singano imasowanso usiku womwewo. Afufuza pa kalendala pamene amaibaya, palibe. Pa duku, palibe. Atuma mwana ku okala, wa okala akana, ati singano sagulitsa dzuwa litalowa, zimabweretsa tsoka pa bizinesi. Mwana abwerera chimanjamanja. Singano imapezeka ndi bambo, pakati pa usiku, potembenuka pamphasa, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti yapezeka.

Ikapezeka pamatsala kulowetsa ulusi. Amayi anyowetsa nsonga ndi malovu, aipotokola ndi zala ziwiri, atsinzina diso limodzi, akweza singano kuloza ku koloboyi. Ulusi udutsa kumanzere. Anyowetsanso. Udutsa kumanja. Kachitatu saitana dzina la mwana mmodzi, amatchula onse motsatana kuyambira woyamba kubadwa mpaka wina ayankhe. Mwana alowetsa kamodzi n'kamodzi. M'malo mothokoza amauzidwa kuti, "Ndinali nditalowetsa kale, wangomalizitsa." Akamaliza kusoka amaluma ulusi ndi mano, sizasi ili pambali pawo pomwepo, chifukwa sizasi ndi ya nsalu.

Kaunjika anatipatsa zovala zokwana thupi, zolembedwa mayina a masukulu a ku Canada amene sitidzawaona, ndipo ana athu akuoneka bwino kuposa mmene tinkaonekera ife. Zimenezo sindikana. Koma malaya a pa kaunjika batani likathothoka amapita kukakhala chokolopera, chifukwa m'nyumba zambiri za m'tauni mulibenso munthu wodziwa kumene singano imagona.

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ambiri mudzagula chitenje monga mwa chaka chilichonse. Sankhani maluwa amene mungapirire kuwaona pa ana anu, chifukwa akapita kutchuthi kwa agogo adzabwerako atavala chitenje chomwecho. Ndipo muwonjezerepo magalasi a maso ndi paketi ya singano za boo lalikulu. Adzukulu olowetsa ulusi masiku ano ali pa foni, sakumva kuitana.